Magazi Amachokera M'mbale ya Ndiwo

Ana anga, m'makomboni mwathu muno muli atsikana ambiri amene timawanena kuti ndi aulesi pamene iwo akudwala. Mtsikana wa giredi 9 wapita kukatunga madzi pa kiyosiki ku Kanyama, wasenza chigubu, koma pofika pakhomo ali wefuwefu, mtima ukuthamanga, m'maso mukuchita mdima. Akatula chigubucho amayamba wakhala pansi, kutsamira khoma. M'kalasi amawodzera. Mutu sumupatsa mpata. Amayi ake amamukalipira kuti wayamba matama, anzake amanong'onezana kuti kapena waima, ndipo azakhali akabwera amayamba kufunsa ngati pali wina amene banjali linayambana naye. Mwa onsewa palibe amene wamuyang'ana m'maso.

Inu mumuyang'ane. Mutulutseni panja powala, mukoke pang'ono chikope chake cham'munsi ndi chala. Mwa munthu wa magazi okwanira mkati mwa chikope mumakhala mofiira bwino. Mukapeza muli mbuu, onaninso zikhatho, lilime ndi usinini. Onani zikhadabo, chifukwa mwa ena zimathetheka msanga, mwa ena zimalowa pakati. Maso anu sangalowe m'malo mwa kupimitsa ku kiliniki, koma akhoza kukuuzani kuti nyamukani lero lomwe.

Musayese kuti ndi vuto la khomo limodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018, wotchedwa Zambia Demographic and Health Survey, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59, ana 58 anali ndi magazi ochepa. Mwa akazi 100 a zaka 15 mpaka 49, akazi 31 anali chimodzimodzi. Mwa ana 100 osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Zoyambitsa kuchepa kwa magazi ndi zambiri: malungo, njoka zam'mimba, HIV, matenda a sickle cell. Koma padziko lonse chimene chimachepetsa magazi mwa anthu ambiri ndi kusowa kwa ayironi, ndipo mbali imeneyi ili m'manja mwa ife ogwira mthiko.

Ayironi ndi umodzi mwa michere imene thupi limatenga m'zakudya pang'onopang'ono. Ndi amene thupi limapangira hemoglobini, chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wabwino kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku minofu, ndi kwa mwana amene ali m'mimba. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, kenako amafa, thupi n'kupanga ena mkati mwa mafupa. Ayironi wa m'maselo akale thupi silitaya, limamubwezera pantchito. Koma amene watuluka ndi magazi watuluka basi, ndipo wolowa m'malo mwake ayenera kudzera pakamwa. Mukudziwa mmene zimakhalira pa Kulima Tower madzulo mabasi akachepa: anthu ali mbwee, ndipo mabasi otsalawo amangothamanga uku ndi uku kuti onse afike kwawo. Ndi zimene mtima wa mtsikana uja ukuchita. Zonyamula mpweya zachepa, ndiye mtima ukuthamanga kuti ziwalo zonse zilandireko.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mwamuna wamkulu amafunika ayironi wokwana mamiligalamu 8 patsiku. Mkazi amene amapita kumwezi amafunika 18. Woyembekezera amafunika 27. Mutamva zimenezi, kaoneni mmene timagawira ndiwo madzulo. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba, chiwindi ndi ntchafu zimapita m'mbale ya abambo. Kapenta akachepa, timayamba ndi abambo, kenako anyamata. Mayi ndi mwana wake wamkazi amatsala kukhitchini, akususa mbamu mu msuzi wotsalira mumphika, ndipo mukamufunsa mayiyo amati, "Ine ndalawa kale pophika." Chakudya chopanga magazi chapita kwa amene thupi lake likuchifuna pang'ono, ndipo amene akutaya magazi mwezi ndi mwezi wadya nsima ndi madzi a tomato. Ulemu kwa bambo wa pakhomo ndimaudziwa ndipo ndimauphunzitsa. Muwapatse madzi osamba m'manja, nsima yotentha ndi mawu abwino. Koma mwamuna amene amakonda banja lake sangamve kukoma chiwindi atadziwa kuti mkazi wake wa pakati akuchita chizungulire potsuka mbale. Ambiri sadziwa chifukwa palibe anawauza. Auzeni.

Nsima sindiinyoza, inatilera tonse. Imapatsa mphamvu yogwirira ntchito, koma ayironi wake ndi wochepa, makamaka ya ufa wa breakfast umene timaukonda chifukwa cha kuyera. Kuti ufa uyere choncho, achigayo amachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, ndipo michere yambiri imapita ndi zimenezo kukanenepetsa nkhuku ndi nkhumba. Roller ndi mgaiwa zimasungako zambiri. Musachite manyazi kugula roller ngati kuti mwasauka. N'zoona kuti m'gaga muli chinthu china chimene chimagwira ayironi kuti asalowe yense m'thupi, n'chifukwa chake njira zamakolo zoviika chimanga, zomeretsa chimera ndi zosasitsa thobwa zili ndi phindu: zimachifooketsa chinthucho.

Ndikudziwa mmene ndalama imathera. Wagula pamela ya ufa pa kantemba, kapulasitiki ka malasha, kasaladi kothira m'botolo, ndipo yotsala yangokwana mpukutu umodzi wa repu ndi tomato awiri. Mwana wa kumudzi ku Katete kapena ku Petauke, ngakhale wa m'banja losauka, amatola zambiri zaulere: ngumbi mvula ikagwa, ziwala, mbewa nthawi yokolola, bowa, masuku, bonongwe womera yekha kuseri kwa khola. Kuno zonsezo ndi za ndalama. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinationetsa chimene banja limayamba kudula zinthu zikathina. Ufa sadula. Amadula ndiwo. Mwana amagona mimba ili tototo, makolo mtima n'kukhala pansi, pamene magazi ake akutsika osaonekera.

Palinso chakudya cham'mawa chimene chatilowerera: tiyi ndi banzi, tiyi ndi chitumbuwa, zikavuta zigolo ndi buledi. Shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini A kuyambira 1998, ndipo mchere wa m'mapaketi uli ndi ayodini woteteza ku chotupa cha pakhosi. Zimenezo ndi zabwino, ndipo mchere muzigula umenewo. Koma mu shuga ndi mu mchere mulibe ayironi. Choipa kwambiri n'chakuti masamba a tiyi ali ndi chinthu chimene chimamanga ayironi wa m'zakudya m'mimba momwemo, n'kutuluka naye osalowa m'magazi. Khofi amachitanso chomwecho. Sindikuti musiye tiyi, ndikudziwa simungandimvere. Ndikuti musatsitsire nsima kapena nyemba ndi tiyi, padutse kaye ola limodzi kapena awiri. Ndipo kwa mwana wamng'ono tiyi si chakudya.

Ayironi ali pawiri. Wa mu nyama, nsomba ndi zam'kati amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba amalowa movutikira, amafuna womuperekeza. Pa zonse zimene mungagule kubutchala, chiwindi ndiye mfumu, kaya cha nkhuku kaya cha ng'ombe, ndipo simufunika chochuluka. Kachidutswa kamodzi pa sabata kakwana. Woyembekezera asapitirire pamenepo, chifukwa chiwindi chili ndi vitamini A wambiri amene akachuluka si wabwino kwa mwana wam'mimba. Impso ndi mtima nazonso ndi zabwino. Vinkubala zimene ena a inu mwayamba kuzinyansidwa chifukwa mwapita kusukulu zili ndi ayironi wambiri ndithu. Nyengo yake ikafika, gulani. Mazira adyeni, inu oyembekezera ndi ana omwe. Zoti mayi akadya dzira mwana amabadwa wopanda tsitsi zatimana chakudya chabwino kwa zaka zambiri, pamene palibe dzira linameta mwana.

Kapenta ndiye mnzathu wa tsiku ndi tsiku, wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, pamodzi ndi chisense. Ubwino wake ndi wakuti timamudya yense, mutu, minga ndi zam'mimba, ndipo m'menemo ndi mmene muli ayironi, kashiamu wolimbitsa mafupa ndi zina zokulitsa mwana. Ndimaona atsikana ena atakhala ndi lichero akudula timitu ta kapenta kamodzikamodzi n'kutaya. Mukutaya chimene mwalipira. Musankheni kuchotsa timiyala, mumutsuke msangamsanga m'madzi ofunda kuti mchenga utsike, osamusiya akuviikidwa mpaka kuyera. Wina mumukazinge pang'ono popanda mafuta mpaka aume gwa, mumusinje mu mtondo, musefe, musunge m'botolo louma lotseka bwino. Ufa umenewo, supuni imodzi m'phala la mwana kapena m'ndiwo zamasamba, umasintha chakudya chonse. Kugula kapenta wa timilu tating'ono tsiku lililonse kumadula. Amayi a chilimba, mwezi wina sonkhanani mukagule meda ku Soweto Market mudzagawane.

Nyemba ambiri mwazisiya chifukwa zimatha malasha, ndipo magetsi mwaona mmene amatithawira madzi akachepa ku Kariba. Ziviikeni usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muthire ena. Zimapsa msanga, sizitupitsa mimba kwambiri, ndipo ayironi wake amalowa bwinoko. Kabulangeti, nyemba za Solwezi, khobwe, nzama, zonse ndi zabwino. Akatswiri a zaulimi a ku ZARI anatulutsanso mtundu wa nyemba wotchedwa Mbereshi, wa ayironi wochulukirapo. Amene muli ndi abale olima kumudzi, auzeni afunse mbewu imeneyi.

Pa masamba ndiima pang'ono, chifukwa apa timawononga tokha ndi manja athu. Chibwabwa, bondwe ndi kalembula zimaposa kabichi kutali, ndipo zikatenderedwa ndi nsinjiro ndiye zafikapo. Koma taonani kaphikidwe kathu. Timaduladula masamba kenako n'kuwatsuka, zabwino n'kupita ndi madzi. Timathira soda kuti afewe msanga ndi kuoneka obiriwira. Timawawiritsa mpaka atope, madzi n'kukhetsa. Womuperekeza ayironi wa m'masamba uja ndi vitamini C, ndipo vitamini C amaphedwa ndi soda ndiponso moto wautali. Tsukani masamba asanadulidwe. Madzi akhale ochepa, moto ukhale waufupi, ndipo msuzi wake mudye. Soda musiyireni delele, naponso pang'ono. Tomato wina muthire chakumapeto. Finyirani ndimu pa nyemba kapena pa kapenta. Mukatha kudya, m'malo mwa tiyi idyani gwafa, mango, lalanje kapena mabuyu, malinga ndi nyengo. Ndipo tikapenta tochepa tikaphikidwa pamodzi ndi masamba timathandiza kuti ayironi wa m'masambamo alowe, choncho musamasiyanitse kuti lero masamba okha, mawa kapenta yekha. Amene muli ndi kampata kuseri kwa nyumba ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, dzazani dothi m'thumba lakale la ufa mubzalemo kalembula, savuta. Zodya zosaphika muzitsuke ndi madzi otetezedwa. Kolera amene anadzaza odwala mu Heroes Stadium mu January 2024 tisamuiwale.

Inu amayi a ana aang'ono, m'mera mpoyamba. Mwana amabadwa ndi nkhokwe ya ayironi imene watenga kwa mayi ake, ndipo imamufikitsa pafupifupi miyezi 6. Miyezi imeneyo bere lokha likwana, osamupatsa madzi kapena phala. Ikatha, nkhokwe ija yatsika pamene mwana akukula mothamanga, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amagwera m'vuto. Timawapatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga, akalira timawagulira majigisi ndi zoziziritsa pa kantemba. Phala la mwana likhale lolimbako, losayenderera pa supuni, ndipo muzisinthasintha zothiramo: nsinjiro, ufa wa kapenta uja, dzira, nyemba zopota, chiwindi chophika chonyenyanyenya, masamba osinja. Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Ubongo wa mwana umamangidwa m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene lilipo kuyambira 1967, lakhala likulalikira za masiku amenewa. Mwana amene wasowa ayironi nthawi imeneyo akhoza kudzavutika m'kalasi, ife n'kumamunena kuti ndi mbuli. Sabata ya zaumoyo wa ana ikafika, kawiri pachaka, mupite naye akalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Mumuveke nsapato kapena patapata, makamaka nthawi ya mvula zimbudzi zikasefukira, chifukwa pali njoka zina zimene zimalowera kuphazi n'kukayamwa magazi m'matumbo.

Za dothi ndinene mosabisa. M'misika yathu amagulitsa timibulu ta dothi, ndipo oyembekezera ambiri amayenda nato m'chikwama, ena amachita kukanda chulu kapena khoma. Timati ndi nkhuli ya mimba, mwana akufuna. Kawirikawiri chilakolako chimenechi, pamodzi ndi chofuna kutafuna ayezi, ndi chizindikiro chakuti ayironi wachepa m'thupi. Dothilo silibwezera kanthu. Limagwira ayironi wochepa amene mwadya, limadzaza mimba, limatha kubweretsa mazira a njoka, ndipo simudziwa kumene linakumbidwa. Ku Kabwe dothi lili ndi mtovu mpaka lero ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, ndipo thupi losowa ayironi limayamwa mtovu wambiri kuposa thupi lokwana. Mukayamba kulakalaka dothi, kauzeni anamwino. Sadzakusekani, amazimva tsiku lililonse.

Ena akauzidwa kuti magazi achepa amathamangira zakumwa zofiira za m'mabotolo, kapena kuwiritsa masamba a kotapela mpaka madzi afiire. Kufiira kwa chakumwa si magazi. Ndalama ya chakumwa imeneyo ikanagula chiwindi.

Chakudya chimateteza, koma magazi akatsika kwambiri chakudya chokha chimachedwa. Pitani ku kiliniki ya kwanuko, kapena ku zipatala za ku Kanyama, Chawama ndi Matero, mukapemphe kuti akupimeni hemoglobini. Amabaya chala pang'ono chabe. Funsani nambala yanu ndipo muisunge. Bungwe la World Health Organization limati mkazi amene si woyembekezera akatsika pa 12, woyembekezera pa 11, mwamuna pa 13, magazi achepa. Woyembekezera ayambe sikelo akangodziwa kuti waima, asadikire mimba ioneke poopa maso a anthu. Kumeneko amapereka mapiritsi a ayironi ndi a folic acid. Ndikudziwa kuti ambiri amathera pansi pa matiresi chifukwa amachititsa nseru, amaumitsa m'mimba ndi kudetsa chimbudzi. Kuda kwa chimbudzi kusakuopseni, ndi mmene mapiritsiwo amachitira. Nseru ikavuta, imwani mutadya kapena pogona, ndi madzi, osati ndi tiyi kapena mkaka, ndipo zikapitirira kawauzeni anamwino m'malo mongosiya. Zoti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kuvuta pobereka musazimvere. Choopsa chenicheni ndi kulowa m'chikuta ndi magazi ochepa. Pobereka mayi aliyense amataya magazi. Wokwana amapirira, koma amene anafika ali mbuu, magazi omwewo akhoza kumutenga. Mwana wake nayenso akhoza kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Mukayamba kumva bwino musasiye mankhwala pakati, malizani monga anakuuzirani, chifukwa nkhokwe ya thupi imadzaza mochedwa. Ndipo muwabise patali ndi ana. Mwana akameza ambiri poyesa maswiti, ndi poizoni, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Adzukulu anga aakazi, ngati kumwezi kwanu kumapitirira masiku 7, kapena mukusintha nsalu ola ndi ola, kapena mukutuluka zibuma zazikulu, musavomere mawu akuti ndi mmene akazi a kwathu tilili. Kapimitseni. Koma musagule mapiritsi a ayironi mwachisawawa kumpatsa aliyense wotuwa. Mwana wa sickle cell amatuwanso, koma vuto lake ndi lina, ndipo ayironi wowonjezera akhoza kumupweteka ngati sanalamule ndi dokotala. Bambo wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa, pafunika kufufuza kumene akuthawira, chifukwa nthawi zina ndi zilonda zam'mimba kapena nthenda ina ya m'matumbo.

Anyamata inu a ku George ndi ku Matero, amene mwakhala mukulandira ntchafu ndi mutu wa nsomba chibadwire, ndili ndi pempho. Mayi akataya magazi pobereka ku UTH kapena kuchipatala china chilichonse, amene amamuika sachokera kufakitale. Amachokera m'mikono ya anthu amene anapereka mwaufulu ku Zambia National Blood Transfusion Service, ndipo ambiri mwa opereka ndi ana asukulu, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala. Inu simupita kumwezi, simunyamula mimba, ndipo thupi lanu limabwezeretsa msanga zimene mwapereka. Asanakutengeni amayamba akupimani, ndipo akapeza kuti anu omwe ndi ochepa amakubwezani. Nthawi ya holide mutengane awiri atatu mupite kukapereka. Pobwerera mudzere kubutchala, mugule chiwindi, mukampatse mlongo wanu, ndipo mukhale pomwepo mpaka adye.